Musanaponye mpamba pa galimoto yakale yamasipoti, suzumirani kunsi

Abale anga a geni kuno ku UK, angapo mwakhala mukundifunsa ngati muli phindu m'magalimoto akale amasipoti, aja a mipando iwiri, denga lotsegula. Poti ntchito yanga ndi yogula ndi kugulitsa magalimoto, ndati ndiyankhe pagulu pompano. Phindu lilimo ndithu, koma limatengera zomwe mwaona pa tsiku logula.

Nditenge chitsanzo cha MGB, yomwe ambiri amayambira. Inkapangidwa ku Abingdon kuyambira 1962 mpaka 1980, ndipo anapanga zoposa 500,000. Ndiye si galimoto yosowa ayi, wina asakupanikizeni kuti "ndi yokhayi, mawa simuipeza". Ubwino wake masipeya ali mbwee. Dziwaninso kuti za mabampa achitsulo chonyezimira zimadula kuposa za mabampa akuda a labala zomwe zinayamba mu 1974.

Mdani wamkulu ndi dzimbiri. Kuno amathira mchere m'misewu nthawi yozizira, ndipo mcherewo umadya chitsulo kuchokera kunsi. MGB ilibe chasisi yapayokha, bodi ndi imene imanyamula zonse. Zitsulo zam'mbali zimene zili m'munsi mwa zitseko zikawola, galimoto imafooka pakati. Injini yotopa makaniko aliyense wa magalimoto akale akonza, koma kuwotcherera bodi ndi kupentanso kumatha kudya ndalama zoposa mtengo wa galimotoyo. Ine sindipita kukaona galimoto popanda tochi ndi kamaginito. Maginito akakana kumata m'mbali mwamunsimo, ndiye kuti anamatapo phala n'kupentapo. Kumbukirani kokha kuti boneti ya MGB zoyambirira ndi ya aluminiyamu, pamenepo maginito samata. Vundukulani kapeti, gwadani muone kunsi, tsegulani ndi kutseka zitseko. Chitseko chikamakhula, samalani. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Muuzeni wogulitsa asailize musanafike. Gwirani injini, ikhale yozizira, kenako ilizeni nokha. Utsi wabuluu ndiye kuti ikudya oyilo.

Tsopano mapepala. Nambala ya chasisi pa galimoto ifanane ndi ya pa V5C, ndipo mukaionere pa adiresi yomwe ili pa pepalalo, osati pamalo oimika magalimoto a shopu. V5C imangosonyeza amene akusunga galimoto, si umboni woti ndi mwini wake, choncho lipirani HPI check muone ngati ili ndi ngongole, inabedwa kapena inachitapo ngozi yaikulu. Mbiri ya MOT mumaiona ulere pa GOV.UK. Wogulitsa akamati "iyi ndi yapadera", British Motor Museum ku Gaydon amapereka satifiketi yosonyeza mmene galimotoyo inatulukira ku fakitale.

Pali lamulo lina lokoma koma lili ndi msampha. Galimoto ikapitirira zaka 40, mukhoza kuilembetsa ku DVLA ngati yakale, msonkho wa pamsewu osalipira, ndipo ku London simulipira £12.50 ya ULEZ patsiku. Ngati sinasinthidwe kwambiri, MOT siikakamizidwanso. Msampha ndi umenewo: galimoto ikhoza kukhala zaka zambiri osaonedwa ndi woyeza aliyense. Ine ndimapempha wogulitsa kuti tikaichititse MOT basi. Akakana, ndimatsanzika mwaulemu. Ndipo Mazda MX-5 yoyamba, yomwe inatuluka mu 1989, sinafike zaka 40, ndiye a ku London muwerengere ndalama imeneyo.

Komwe mukugula nakonso n'kofunika. Kwa dila, lamulo la Consumer Rights Act 2015 limakupatsani masiku 30 obweza galimoto ngati ili ndi vuto lomwe sanakuuzeni. Kwa munthu wamba chitetezo n'chochepa. Ku okushoni amaonjezera ndalama yawo pamwamba pa mtengo womwe mwapambanira, ndiye funsani musanakweze dzanja.

Pa masamu, ngati muli ndi £8,000, gulani ya £6,000, yotsalayo ikhale ya matayala, mabuleki, inshulansi ndi galaja youma. Pa inshulansi, gwirizanani mtengo wa galimoto pasadakhale, ulembedwe. Ndipo mukamagula n'cholinga chogulitsa, a HMRC amaiona ngati bizinesi, phindulo limadulidwa msonkho.

Chomaliza, magalimotowa sayenda msanga ngati Yaris. Amagulidwa kwambiri kukayamba kufunda, cha m'ma Epulo, ndiye mukagula mu Novembala mpamba ukhoza kugona miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Ndalama ya lendi, ya chipereganyu kapena ya fizi ya ana kumudzi isalowe m'menemu.

Amene mwapeza galimoto ndipo mukukayika, ponyani zithunzi zakunsi kwake m'makomenti tionere limodzi. Za penti musavutike nazo.