Mphunzitsi wa pakoleji amakula bwanji pantchito? Tiyambire ku Nguludi

Mukapatuka mumsewu wa Midima n'kulowera ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, mumapeza sukulu zitatu zolandira anthu amene anamaliza kale Fomu 4, ndipo zonse zili moyandikana. Pali Catholic University of Malawi, yomwe maepiskopi a Chikatolika anaikhazikitsa mu 2004 n'kuyamba kulandira ophunzira mu 2006. Pali koleji ya Montfort, kumene amasula aphunzitsi a ana osaona, osamva ndi ena amene amavutika kuphunzira. Pafupi ndi chipatala pali koleji ya St Joseph's, ya anamwino ndi azamba. Kholo likamatumiza mwana kumeneko limafunsa za fizi, za malo ogona, komanso ngati digiri yake ndi yovomerezeka. Ndi ochepa amene amafunsa za munthu amene aziima kutsogolo kwa mwanayo zaka zitatu kapena zinayi: anafika bwanji pamenepo, amamuyang'anira ndani, nanga iyeyo akupitiriza kuphunzira? Muli ndi ufulu wofunsa zimenezi, chifukwa fizi yanu kapena msonkho wanu ndiwo umalipira munthu ameneyu.

Polemba ntchito, mfundo yodziwika ndi yakuti wophunzitsa akhale patsogolo pa amene akuwaphunzitsa. Wophunzitsa ofuna digiri yoyamba amayembekezeka kukhala ndi Masters, ndipo woyang'anira ofuna Masters amafunika kukhala ndi PhD. Sukulu zina zimatenga wophunzira amene wakhoza bwino kwambiri digiri yoyamba n'kumuyambitsa ngati wothandizira, pomuuza kuti apite msanga kukapitiriza maphunziro. Kuchoka apo pamabwera udindo wa lekichala, kenako lekichala wamkulu, associate professor, n'kumalizira pa pulofesa. Mayina a maudindowa amasiyanako pang'ono sukulu ndi sukulu, koma makwerero ake ndi omwewo.

Chimene anthu ambiri sachidziwa n'chakuti kuyunivesite sakweza munthu chifukwa wakhalitsa. Wofuna kukwezedwa amalemba yekha kalata n'kupereka umboni wa zinthu zitatu: momwe amaphunzitsira, kafukufuku amene wasindikiza, ndi zimene wachitira sukulu yake ndi anthu kunja kwa mpanda. Mapepalawo amadutsa kwa mkulu wa dipatimenti, kwa dini, n'kukafika ku komiti yoona zokweza anthu. Pa maudindo a upulofesa, zolemba za munthuyo amazitumiza kwa akatswiri a mayunivesite ena kuti aziweruze. Seneti ya yunivesite imayang'anira za maphunziro ndi mayeso, pamene khonsolo yake imagwira za ndalama ndi za ntchito. Yunivesite ya boma imayendera lamulo lake lochokera ku Nyumba ya Malamulo. Ya mpingo imayankhanso kwa eni ake, monga ya ku Nguludi imene eni ake ndi maepiskopi.

Apa mwaona kale kuti lekichala sangakwere atadzitsekera mu ofesi yake. Amene amavomereza kuti ntchito yake yapsa ndi anzake a m'sukulu zina. Choncho kudziwana kwa aphunzitsi a m'makoleji si nkhani yongokadya alawansi kunyanja ayi, ndi gawo la ntchito yeniyeniyo.

Ubale wina wakale ndi wa woyesa wochokera kunja, amene amatchedwa external examiner. Dipatimenti imaitana katswiri wa ku yunivesite ina kuti aone mafunso a mayeso, awerenge ena mwa mapepala ochongedwa, ndipo alembe lipoti. Iyeyu ndiye amatsimikizira kuti kukhoza ku Nguludi n'chimodzimodzi kukhoza ku Zomba kapena ku Mzuzu. Lipotilo likawerengedwa moona mtima pamsonkhano wa dipatimenti, lekichala wachinyamata amaphunzirapo zambiri: funso limene linali losamveka, mutu umene unatsalira, machongedwe amene anali ofewa mopitirira. Likangoikidwa m'kabati, ndalama yoitanira mlendoyo yapita pachabe.

Kenako pali kupita kusukulu. PhD imatenga zaka zitatu, zinayi, mwinanso kuposerapo, ndipo ndi ochepa amene angadzilipirire. Ambiri amadalira thandizo monga la Commonwealth, la DAAD ya ku Germany, la Fulbright ya ku America, kapena la mabungwe a mayunivesite a muno mu Africa. Bungwe la RUFORUM, lomwe likulu lake lili ku Kampala, lakhala likuthandiza maphunziro apamwamba a zaulimi kuyambira mu 2004. La CARTA, lomwe linayamba mu 2008, limasula ofufuza za umoyo wa anthu. Sukulu ikalola lekichala kupita, amasainirana bondi: iye alonjeza kudzabwerera kudzagwira ntchito kwa zaka zimene agwirizana, apo ayi abweze ndalama. Ine ndimaona kuti bondi ndi chilungamo. Pamene mmodzi ali ku Pretoria kapena ku Glasgow, makalasi ake amasenza ndi anzake otsala, ndipo kusukulu yodalira fizi mtolo umenewo umalemera zedi. Koma chilungamocho chikhale mbali zonse. Ndondomeko yosankhira opita ikhale yolembedwa ndi yodziwika kwa aliyense, osati yomvera kwa mnzako. Amayi amene ali ndi ana aang'ono aganiziridwe, chifukwa ndiwo amatsalira kawirikawiri mwayi wopita kutali ukapezeka. Ndipo wobwerako asapatsidwe makalasi ochuluka mpaka kafukufuku amene anakaphunzira n'kufera m'bokosi.

Kafukufukuyo naye ali ndi njira yake. Wokhudza anthu amayenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti yoona kuti ofunsidwa sapwetekedwa kapena kunamizidwa, ndipo bungwe la National Commission for Science and Technology ndilo limayang'anira dongosolo limeneli m'dziko muno. Akamaliza, wolemba amatumiza pepala lake ku magazini ya akatswiri monga Malawi Medical Journal kapena Journal of Humanities ya ku Zomba. Mkonzi amalipereka kwa akatswiri ena, nthawi zambiri osadziwika kwa wolembayo, ndipo iwo amalibweza ndi zofunika kukonza kapena kulikana kumene. Zimatenga miyezi. Chifukwa cha kutalika kumeneku kwabuka magazini achinyengo a pa intaneti amene amasindikiza chilichonse bola walipira madola. Lekichala watsopano amene alibe wamkulu womutsogolera ndiye amakodwa mosavuta, n'kudzazindikira mochedwa komiti itakana kuwerengera pepalalo. Ogwira ntchito ku laibulale amathandiza kwambiri pamenepa, ndipo mgwirizano wawo wa MALICO ndiwo umathandiza sukulu zambiri kugawana mtengo wa mabuku ndi magazini a pa intaneti amene sukulu imodzi payokha singakwanitse.

Koma digiri ndi mapepala osindikizidwa sizitanthauza kuti munthu amadziwa kuphunzitsa. Malekichala ambiri sanaphunzirepo uphunzitsi. Amangotengera momwe iwo anaphunzitsidwira. Apa m'pamene Nguludi ali ndi mwayi umene malo ambiri alibe. Lekichala wa zachuma kapena wa mbiri yakale akalandira m'kalasi mwake wophunzira wosaona, akatswiri a braille ali pafupi, mtunda woyenda pansi. Akalandira wosamva, odziwa chinenero cha manja ali pomwepo. Aphunzitsi a anamwino nawo ali ndi luso limene ena angatengereko, loyesa wophunzira pomuona akugwira ntchito pafupi ndi bedi la wodwala, osati pongolemba papepala. Iwo anazoloweranso kuti kuphunzira sikutha, pakuti bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi limafuna umboni wa maphunziro opitiriza namwino akamakonzanso chiphaso chake. Masana amodzi pa semesita, aphunzitsi a sukulu zoyandikana atakhala pamodzi kuonetsana momwe amaphunzitsira, sangafune basi, hotelo kapena thandizo lakunja. Timathamangira kusaina mapangano ndi mayunivesite a kutsidya kwa nyanja, ndipo si zoipa, koma pangano limene silitchula munthu, ntchito ndi tsiku limangokhala chithunzi cha m'nyuzipepala.

Kupitirira pa Nguludi, anzawo sali kutali. Ku Blantyre kuli MUBAS ndi KUHeS, zomwe zinaima pazokha mu 2021 University of Malawi itagawidwa. Ku Zomba kunatsala University of Malawi. Ku Thyolo kuli MUST, yomwe inatsegulidwa mu 2014. Malekichala ambiri amayenda kale m'misewu imeneyi kukaphunzitsa maola ochepa kusukulu ina. Ganyu wotere amathandiza sukulu imene ikusowa katswiri, ndipo amathandiza banja la lekichalayo. Koma kufika, kuphunzitsa n'kukwera minibasi si ubale. Ubale umaoneka pamene awiri alemba limodzi, ayang'anira limodzi wophunzira wa Masters, kapena wamkulu wawerenga pepala la wamng'ono lisanatumizidwe. Sukulu imene aphunzitsi ake ambiri ndi aganyu imasowa woti wophunzira amupeze mu ofesi akakhala ndi funso.

Woyang'anira zonsezi m'malo mwa nzika ndi National Council for Higher Education, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011. Limalembetsa sukulu zoima pazokha, ndipo limaunika sukulu ndi maphunziro ake, za boma ndi zomwe si za boma, lisanazivomereze. Kulembetsa ndi kuvomereza ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo sukulu ikhoza kukhala yovomerezeka pamene ena mwa maphunziro ake sanavomerezedwe. Owunika amene bungweli limatumiza ambiri ndi akatswiri a m'sukulu zina. Amaona mndandanda wa aphunzitsi ndi maphunziro awo, kuchuluka kwa okhazikika poyerekeza ndi aganyu, laibulale, ndi zimene sukulu ikuchita potukula antchito ake. Mndandanda wa sukulu ndi maphunziro ovomerezeka bungweli limaulengeza poyera. Pa maphunziro monga a unamwino pamafunikanso chivomerezo cha bungwe la ntchitoyo.

Inu makolo ndi inu ophunzira, musanalipire fizi yoyamba onani mndandandawo, ndipo muone dzina la maphunziro enieniwo, osati la sukulu lokha. Mukafika pasukulu funsani kuti dipatimentiyo ili ndi aphunzitsi okhazikika angati, a PhD angati, ndi angati amene ali kusukulu. Fomu yowunika mphunzitsi ikabwera kumapeto kwa semesita, ilembeni mwachilungamo, chifukwa ndi umboni wa momwe munthu amaphunzitsira. Ndipo inu amene mwangoyamba kumene ntchito ya ulekichala, pitani kwa rejisitala mukapemphe malamulo okwezera anthu ndi a tchuthi cha maphunziro, muwawerenge chaka chino, musanawafune.