Ajambuleni akadali moyo

Nyengo yogulitsa fodya ndidalowa m'kanyumba koonetsera mafilimu pa Simlemba. Anyamata ochokera kuzigafa adali phee, maso ali pa Tupac: Resurrection, filimu ya mu 2003. Mmenemo Tupac Shakur, yemwe adaphedwa mu 1996, amasimba yekha za moyo wake. Zidatheka chifukwa atolankhani adasunga mawu ake.

Nditawafunsa anyamatawo za Real Elements, gulu lomwe lidalambula njira ya rap kuno kwathu, adangoyang'anana. Ndidachita manyazi. Martse adatisiya mu 2022. Kodi naye adzaiwalika chomwechi?

Inu ophunzira, mafoni muli nawo. Inu amalonda, ponyanipo kangachepe. Pitani mukawafunse oimba athu ndi kuwajambula lero. Pamaliro mwini nkhani sayankhanso.