Mkota suphedwa: chifukwa chake owedza ena amabweza nsomba m'madzi

Pa msika wa Ndunde nsomba imafika itafa kale. Matemba ouma, milamba yowamba ndi usipa wa pamulu zimabwera panjinga kapena pagalimoto, chifukwa boma la Chiradzulu lilibe nyanja. Zina zimachokera ku Chilwa, zina ku Mangochi. Choncho munthu wa kuno akamva kuti kuli anthu amene amalipira ndalama zambiri, kupsa ndi dzuwa tsiku lonse m'boti, kugwira nsomba yotalika mita yathunthu, kuijambula chithunzi kenaka n'kuibweza m'madzi ili yamoyo, amangogwira pakamwa. "Ndiwo n'kuzitaya? Kumeneko ndiye kukhuta!" Funsoli ndi lomveka ndithu, ndipo yankho lake lili pafupi kwambiri, kuseri kwa nyumba, m'khola la mbuzi.

Aliyense woweta amadziwa kuti mbuzi za m'khola si zofanana mtengo. Pakagwa maliro, pakabwera chinkhoswe kapena mwana akabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, mwini khola amaloza tonde kapena mbuzi yomwe yasiya kubereka. Mkota, uja umaswa mapasa, saukhudza ngakhale uli wonenepa kuposa zonse. Wogula akauloza amauzidwa kuti, "Imeneyo ayi bambo, ndiye khola limenelo." Timbuzi tating'ono natonso satipha, popeza nyama yake ndi yochepa ndipo sitinabweze kanthu. Yodyedwa ndi ya pakati. Lamulo la owedza mwamasewera ndi lomweli: yaing'ono ibwerere ikakule, yaikulu kwambiri ibwerere ikaswe, ya pakati ndiyo ingapite kukhitchini.

Nsomba imene imaonetsa bwino nzeru imeneyi ndi barramundi, ya m'madera otentha a kumpoto kwa Australia, ku Papua New Guinea ndi kum'mwera chakum'mawa kwa Asia. Ndi nsomba yoyera mbuu ngati siliva, ya kamwa lalikulu, yokhala m'mitsinje, m'madambo ndi pamene mitsinje imathira m'nyanja yamchere. Ili ndi abale ake kuno ku Africa. Nile perch, imene inaikidwa m'nyanja ya Victoria m'zaka za m'ma 1950, ndi ya mtundu womwewo, chimodzimodzinso buka-buka wa m'nyanja ya Tanganyika amene anzathu a ku Zambia amamudziwa bwino.

Chodabwitsa cha barramundi ndi ichi: pafupifupi zonse zimayamba kukhwima zili zazimuna. Zikakhala zaka zingapo n'kufika masentimita 80 kapena kupitirira apo, thupi limasintha n'kukhala zazikazi. Taganizani khola limene tonde aliyense akakula mokwanira amasanduka mkota. M'khola lotere, mukamangosankha zazikulu n'kumapha, ndiye kuti mukupha zazikazi zokhazokha. Poyamba simungaone vuto chifukwa khola likuonekabe lodzaza. Pakapita zaka zochepa mudzapeza atonde okhaokha akuyang'anana, popanda woswa. Barramundi yaikazi imodzi yaikulu imaikira mazira mamiliyoni ambiri m'nyengo imodzi, ndipo ikamakula mazirawo amachulukirachulukira. Woipha wadya nsomba imodzi, koma mtsinje wataya mbewu ya zaka zambiri.

N'chifukwa chake m'chigawo cha Queensland ku Australia lamulo limaika malire awiri. Barramundi yosafika masentimita 58 siitengedwa, ndipo yopitirira masentimita 120 siitengedwanso. Kugombe la kum'mawa kwa chigawochi kuwedza nsombayi kumatsekedwa kuyambira 1 Novembala mpaka 31 Januwale, nthawi ya mvula imene zikuluzikulu zimasonkhana m'madzi amchere a kumathiriro a mitsinje kuti ziswane. Ku Northern Territory malire a pansi ndi masentimita 55. Owedza ambiri amapitirira zimene lamulo likufuna. Nsomba ikafika mita imodzi, chimene aliyense wa iwo amalakalaka, amangoiyeza, kuijambula, n'kuibweza.

Nanga chokoma n'chiyani ngati sadya? Chokoma ndi ndewu. Mvula ikamatha, cha m'Malichi mpaka Meyi, madzi a m'madambo amatsikira m'mitsinje atanyamula tinsomba ndi tizilombo, ndipo barramundi imabisala pamathiriro a tingalande, pansi pa mitengo yogwera m'madzi, kudikira chakudya. Wowedza amaponya nyambo yopanga, kansomba kapulasitiki kokhala ndi mbedza, n'kumakakoka pang'onopang'ono kuti kaoneke ngati kovulala. Barramundi siluma pang'ono ayi, imameza mwaphokoso nthawi imodzi. Ikamva mbedza imalumpha m'mwamba, kupukusa mutu, kuthamangira kumizu ya mitengo kuti chingwe chikole. M'mphepete mwa makha ake ndi makuthwa, amatha kudula chingwe. Zonsezi zikuchitika m'mitsinje ngati Daly ndi Mary momwe muli ng'ona zikuluzikulu, kotero palibe amene amaviika mwendo m'madzi mwachisawawa.

Kubweza nsomba kulinso ndi luso lake, monga momwe kugwira mbuzi ya bere kulili. Siinyamulidwa molendewera pa chibwano chifukwa msana ndi zam'kati zimavulala. Dzanja lina limagwira kukamwa, lina limachirikiza mimba. Manja amayamba anyowetsedwa kuti asachotse kuterera kwa pakhungu kumene kumaiteteza ku matenda. Ambiri amaphwanya kankhanga ka mbedza kuti ituluke mosang'amba. Ndipo zonse zimachitika msanga, nsomba isanakomoke. Wochita mosasamala amabweza nsomba yoti ikafere pansi, zimene zili zoipa kuposa kuidya.

Pali ndalamanso pankhaniyi. Mkota wogulitsidwa umabweretsa ndalama kamodzi, wosungidwa umabweretsa ana chaka ndi chaka. Barramundi yobwezedwa ikhoza kugwidwanso ndi mlendo wina, ndipo mlendo aliyense amalipira boti, mafuta, malo ogona, chakudya ndi munthu womulondolera. Kuyambira 2015, ku Northern Territory kumachitika mpikisano wa Million Dollar Fish. Nsomba zimaikidwa tizizindikiro n'kutayidwa m'mitsinje, ndipo wogwira ya chizindikiro amapata mphoto. Mu Epulo 2024 mnyamata wina anagwira ya madola a ku Australia 1 miliyoni mu mtsinje wa Katherine. Cholinga cha mpikisanowu n'kukopa alendo, ndipo alendo sangabwere ku mtsinje wopanda nsomba zazikulu.

Ku Malawi kulibe barramundi, koma masewerawa alipo kuyambira kale. Atsamunda anabweretsa nsomba ya trout kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 n'kuiika m'mitsinje yozizira ya pa phiri la Zomba, pa Mulanje ndi ku Nyika, komwe imawedzedwa ndi nyambo yopangidwa ngati kachilombo kouluka. M'madamu a m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje munaikidwa black bass. Kunsi kwa mathithi a Kapichira, komwe Shire amakhala ndi nsomba za mtundu wa ku Zambezi, kuli tigerfish ya mano akuthwa, yomwenso imakopa owedza ku Cahora Bassa m'chigawo cha Tete ndi ku Kariba. Palinso bungwe la Angling Society of Malawi losonkhanitsa okonda masewerawa.

Koma nsomba yathu yofanana kwambiri ndi barramundi pa kayendedwe ndi mpasa. Mpasa imapezeka m'nyanja ya Malawi ndi m'mitsinje yothira m'menemo basi, kwina kulikonse padziko kulibe. Nayonso ndi ya paulendo, kungoti njira yake ndi yotembenuka. Barramundi imatsika mtsinje kukaswera kunyanja, pamene mpasa imachoka kunyanja n'kukwera mitsinje monga Bua, North Rukuru ndi Songwe kukaikira mazira pa timiyala ta pansi pa madzi oyera, osaya. Ndi yamphamvu, ndipo wowedza amene anaigwirapo pa Bua saiwala kukoka kwake.

Ulendo umenewu ndi umene umaiika pangozi. Nsomba zonse zoswa za chaka chimenecho zimadutsa pakhomo limodzi, mathiriro a mtsinje. Wotchera ukonde pamenepo, womanga biyo lotseka mtsinje wonse kapena wothira katupe m'dziwe ali ngati munthu woima pakhomo la khola m'mawa n'kumagwira mkota uliwonse wotuluka. Tsiku limenelo ndiwo zimachuluka, mtengo umatsika, aliyense amasangalala. Zotsatira zake zimaoneka patapita zaka. Vuto lina limachokera kumtunda. Mitengo ikadulidwa ndipo anthu akalima mpaka m'mphepete mwa mtsinje, dothi limakokoloka n'kukwirira timiyala tija, mazira n'kufa posowa mpweya. Lero mpasa ili pa mndandanda wa bungwe la IUCN wa zamoyo zomwe zili pachiopsezo. Chigawo cha Bua chodutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, imene bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2015, ndi amodzi mwa malo ochepa kumene madzi ndi timiyala zidakali bwino.

Mpasa siisintha kukhala yaikazi monga barramundi, chambonso sichitero, koma mfundo ya mkota imagwirabe ntchito, pakuti nsomba yaikazi yaikulu imanyamula mazira ambiri kuposa yaing'ono. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana ake m'kamwa, kotero khoka likachikokera kumtunda m'nyengo yoswana limapha mayi pamodzi ndi ana onse. Malamulo athu a zausodzi amazindikira zimenezi. Chambo chosafika masentimita 15 sichiloledwa kugwidwa, ndipo makoka amaletsedwa panyanja ya Malawi mu Novembala ndi Disembala. Ku Chilwa nakonso usodzi wa makoka umatsekedwa m'miyezi ya dzinja. Nyanja imeneyi inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo matemba anabwereranso chifukwa cha nsomba zoswa zimene zinapulumukira m'maiwe a mitsinje yothira m'menemo. Amene amagula matemba pa Ndunde lero akudya zidzukulu za nsomba zimene sizinaphedwe m'zaka zimenezo.

Fanizo la khola lili ndi polekezera pake, ndipo polekezera pamenepo ndi pamene pagona vuto lenileni. Khola lili ndi mwini. Mukasiya mkota lero, mawa muupeza momwemo. Mtsinje ulibe chitseko. Msodzi wa ku Nkhotakota akabweza mpasa ya mazira, sadziwa ngati siikakodwa mu ukonde wa mnzake kunsi kwa mtsinje madzulo omwewo. Iye ali ndi ana ofuna kudya, ndipo akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mlendo wobweza nsomba amakadya kuhotela, pamene msodzi akabweza agona ndi njala. Choncho kumulalikira msodzi mmodzimmodzi kuti atengere chitsanzo cha alendo n'kutaya nthawi. Chofunika n'chakuti madziwo akhale ndi eni ake, amene onse pamodzi avomereza kusiya ndipo akudziwa kuti wophwanya pangano alangidwa.

Zimenezi si zachilendo kwa ife. Pachilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Makanjira ku Salima, usodzi umatsekedwa m'dzinja chaka chilichonse mpaka cha mu Epulo, mwambo umene unayamba m'zaka za m'ma 1950. Pachilumbapo saloleza mowa kapena juga, ndipo wophwanya malamulo amapirikitsidwa. Mbenji imadziwika ndi utaka wonona pamene magombe ena akudandaula. Palibe anaitanitsa nzeru imeneyi kuchokera ku Australia. Mfumu ndi anthu ake anangochita ndi nyanja zimene woweta aliyense amachita ndi ziweto zake.

Wogula nayenso ali ndi mbali yake, ngakhale akhale kutali ndi madzi. Tiana ta chambo timagwidwa ndi maukonde a timabowo ting'onoting'ono, ena osokedwa ndi maneti a udzudzu, chifukwa pamsika pali wotigula. Asodzi, mafumu a m'magombe ndi makomiti awo akhoza kutseka nyanja, koma mtengo wa nsomba yosaloledwa umakhazikitsidwa ndi ife a kumtunda. Ogula akamafunsa kuti nsomba yagwidwa liti ndipo ndi yaikulu bwanji, n'kumakana ya m'nyengo yotseka, wogulitsa adzakauza msodzi, ndipo msodzi amamva msanga mawu a wogula kusiyana ndi a mlangizi.