Za Anthu Osala Nyama a ku China, ndi Mafuta a mu Mphika Mwawo

Akristu anzanga, ife tidziwa kusala nyama tsiku Lachisanu ndi pa nyengo ya Lenti. Koma ku dziko la China kuli anthu osala nyama masiku onse a moyo wawo, ngakhale nsomba salawa. Ambiri a iwo ndiwo amonke, amuna ndi akazi, a chipembedzo cha Buddha, pamodzi ndi anthu wamba otsata mwambo wawo. Mwambowu unakhazikika pa nthawi ya mfumu Wu ya ufumu wa Liang, imene inalamulira kuyambira 502 kufikira 549, niletsa amonke kudya nyama ndi kumwa mowa. Bambo Matteo Ricci, wansembe wa chipani cha Yezu, atafika ku Beijing m'chaka cha 1601 anaupeza uli wolimba, ndipo m'buku lake la 1603 anawafotokozera kuti Mkristu sasala chifukwa choyesa nyama chinthu choipa, koma chifukwa cha kulapa ndi kudziletsa.

Nanga anthuwa adya chiyani? Adya mpunga, tirigu, masamba, bowa, ndi tofu, ndicho chakudya choyera chofewa chimene apanga ndi madzi a soya. Zambiri mwa izi azikazinga m'mafuta: a soya, a mtedza, a chitowe, kapena a njere za mpiru. Popeza sadya mafuta a nyama, munthu angaganize kuti matupi awo sasowa kanthu. Koma asing'anga poyesa mwazi wa anthu osala nyama ndi nsomba apezamo kuperewera kwina, ndipo nkhani yake ndi iyi.

M'chaka cha 1929 George Burr ndi mkazi wake Mildred, a ku Minnesota m'dziko la America, anaonetsa kuti alipo mafuta ena amene thupi silingathe kudzipangira lokha. Liyenera kuwalandira m'chakudya. Mafutawo ali a mitundu iwiri, ndipo ophunzira awatchula omega-6 ndi omega-3. Mtundu woyamba uchuluka m'mtedza, m'chitowe ndi m'soya. Wachiwiri ndiwo wosowa: upezeka wokonzeka kale m'nsomba, koma m'mbewu upezeka wosakonzeka, ndipo thupi liyenera kuusandutsa lisanaugwiritse ntchito zake zina. Pa ntchito yosandutsayi thupi ndi laulesi, litulutsa pang'ono pokha. Ndiponso mitundu iwiriyi ilimbirana njira imodzi m'thupi, monga anthu awiri odikira mtondo umodzi: wina akadza ndi chimanga chambiri, mnzake achedwa kusinja. Kotero mwazi wa osala nsomba ukhala ndi omega-3 wokonzeka wochepa poyerekeza ndi wa anthu odya nsomba.

Kuperewera kumeneku kukhudza kutupa. Tonse tidziwa chala chobayidwa ndi minga: chifiira, chitentha, chitupa, chipweteka. Zizindikiro zinayizi anazilemba kale Celsus wa ku Roma, m'zaka zana loyamba la Ambuye athu. Kutupa kotere ndi mphatso ya Mulungu, pakuti ndiko kumenyana kwa thupi ndi matenda. Koma kuyenera kutha nkhondo ikatha. Kulipo kutupa kwina kwa m'kati, kosaoneka ndi kosapweteka, kumene kunyeka zaka zambiri ngati moto wa m'gaga, ndipo kuyenda pamodzi ndi nthenda ya mtima ndi ya shuga. Tsono ndi mafuta omwe aja thupi lipanga timankhwala toyatsa motowo ndi touzima. Tambiri toyatsa tichokera ku omega-6, ndipo omega-3 athandiza kwambiri pa kuzima.

Pano tisalakwe. Mafuta a mtedza si ululu, ndipo thupi liwafuna. Chakudya cha masamba, nyemba ndi bowa chili ndi ubwino waukulu, ndipo anthu ochidya kawirikawiri sanenepa koposa. Cholakwa ndicho kudalira mafuta a mtundu umodzi wokha, pakuti a mtedza ndi a chitowe ali ndi omega-3 wochepetsetsa. Mutu umodzi susenza denga.

Akuluakulu oyang'anira za chakudya ku China anaona zimenezi. M'malangizo awo a 2016 anati munthu wamkulu asapyole magalamu 25 kufikira 30 a mafuta ophikira pa tsiku, ndiwo ngati masupuni aakulu awiri; ndipo kwa osala nyama anawonjeza kuti azisinthasintha mafuta awo. Mankhwala ake ali m'minda yawo yomwe. Mafuta a soya ndi a mpiru ali ndi omega-3 pang'ono. A njere za fulakesi ndi a chitsamba cha perilla ali naye woposa theka. Awa ndi bwino kuwathira pa ndiwo zitapsa kale, pakuti moto waukulu uwawononga. Ndipo pakuti nsomba nazo zitenga omega-3 kwa ndere za m'madzi, alipo mafuta ofinyidwa ku ndere zomwezo, amene mmonke angathe kumwa osaswa lumbiro lake.

Ife Eklezia sanatisenzetse katundu wolemera chotere, pakuti tsiku losala nyama atilola nsomba. Inu amayi, Lachisanu likafika, mbale ya usipa kapena matemba ikhale pambali pa ndiwo zotendera. Musayese kuti nsinjiro zokha zikwanira. Thupi ili tinabwereka kwa Mlengi, ndipo tilisamale mwanzeru pamene tililanga ndi kusala.