Lantana: Duwa la Mpanda Limene Likulanda Msipu wa Ng'ombe

Alimi a m'dera la Mfumu Chikomeni, limene kale linali m'boma la Lundazi koma kucokera mu 2018 lili m'boma latsopano la Lumezi, ayenera kukhala maso ndi citsamba cochedwa lantana. Citsambaci cimapezeka m'mbali mwa misewu, m'masala ndi m'mipanda ya nyumba m'madera ambiri a cigawo ca Kum'mawa, ndipo cikalekereredwa cimalanda msipu ndi kupha ng'ombe.

Lantana si mtengo wakwathu. Kwawo ndi ku Central America ndi South America, ndipo anthu anaubweretsa mu Africa cifukwa ca maluwa ake ang'onoang'ono acikasu, ofiira ndi otuwira, omera pamodzi m'kamutu kamodzi. Nthambi zake zili ndi timinga, masamba ake ndi okhakhala ndipo amanunkha akafikisidwa. Zipatso zake zikapsa zimada, mbalame zimadya ndi kukataya njere kutali. Umo ndi mmene citsamba ca pampanda cimafikira kudambo ndi kuthengo.

Mbiri yotere si yacilendo. Ku North America kuli duwa loyera lochedwa baby's breath, locokera ku Ulaya ndi Asia, limene linafika kumeneko m'zaka za m'ma 1800 monga duwa la m'munda. Lero lafalikira m'mabusa ndi m'micenga ya m'mphepete mwa nyanja ya Michigan, kumene anchito amalizula caka ndi caka. Kuno kwathu namasupuni, amene anacokeranso ku South America, wakhala akutseka mtsinje wa Kafue ndi wa Shire ku Malawi. Lantana nayenso anavuta m'nkhalango ya pa mathithi a Mosi-oa-Tunya ku Livingstone. Bungwe la IUCN linaika lantana pa mndandanda wa zamoyo 100 zoononga kwambiri zikalowa m'dziko lacilendo, ndipo malamulo a Zambia amamuwerengera m'gulu la zomera zoipa zoyenera kucotsedwa.

Kuipa kwake kwakukulu kuli pa ziweto. Masamba a lantana ali ndi ululu umene umaononga ciwindi. Ng'ombe imene yadya masamba ambiri imaleka kudya, imadzimbidwa, maso ake amasanduka acikasu, ndipo khungu la pamphuno ndi la m'malo a ubweya woyera limatupa ndi kusupuka ikakhala padzuwa. Zoopsa zimacuruka m'cirimwe, pamene udzu wauma kapena wapsa ndi lupsa koma lantana akali wobiriwira. Ng'ombe zogulidwa kwina, zimene sizidziwa citsambaci, ndizo zimagwa msanga. Mlimi akaona zizindikiro izi aike ciwetoco pamthunzi, acipatse madzi, ndi kuitana mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo. Ng'ombe ya pulawo ikafa mu Okutobala, banja lonse limalima ndi khasu mvula ikagwa.

Makolo adziwenso kuti zipatso zosapsa za lantana ndi zaululu kwa ana.

Pamene lantana wakula mothithikana, udzu sumeranso pansi pake ndipo timitengo takwathu timalephera kuphuka. Nkhani imeneyi ikhudza kwambiri anthu a kwa Chikomeni popeza dziko lawo lili pafupi ndi malo osungirako nyama a Lukusuzi, amene anakhazikitsidwa monga paki mu 1972. Mbalame sidziwa malire a mudzi ndi paki, motero njere za pampanda wa munthu zingathe kumera kumene nyama za m'thengo zimadya.

Kudula kokha sikuthandiza, pakuti citsa cimaphukanso ndi nthambi zambiri kuposa poyamba. Moto nawonso umangoocha pamwamba. Njira yabwino ndi kukumba ndi kuzula mizu yonse, makamaka mvula itagwa pamene nthaka ili yofewa, zipatso zisanapse. Zozulazo ziunjikidwe, ziume, kenaka ziochedwe. Pambuyo pake malowo ayenderedwe kawirikawiri kwa zaka zingapo kuti timbande tomera tizulidwe tikali tating'ono, ndipo pabzalidwe udzu kapena mitengo yakwathu kuti nthaka isakhale pambalambanda.

Nchitoyi siingatheke ndi munthu mmodzi, pakuti wozula m'munda mwake adzagwira nchito pacabe ngati mnansi wake asunga mpanda wa lantana. Mutu umodzi susenza denga. Anyakwawa angacite bwino kupatula tsiku lakuti mudzi wonse uzule citsambaci m'mabusa, pa zitsime, pa masukulu ndi pa dibi, ndipo aliyense wofuna kubzala duwa lacilendo pakhomo pake ayambe wafunsa mlangizi wa zaulimi.