Nyali Zolondolera Sitima pa Nyanja ya Malawi

M'maiko ena muli anthu amene chisangalalo chawo ndicho kuyendera nsanja za nyali zolondolera sitima ndi kuzijambula zithunzi. Khalidwe limeneli ndi lofala kwambiri m'mbali mwa nyanja zikuluzikulu za madzi opanda mchere za ku North America, makamaka m'chigawo cha Michigan, chimene chili ndi nsanja zotere zoposa 100. Omvera ena angafunse ngati zinthu zoterezi zikuwakhudza a kuno kwawo. Yankho lake lili pa doko la Nkhata Bay, pamene munthu angaime madzulo naona yekha kuti ulendo wa pamadzi usiku umadalira kuwala.

Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 560, ndipo pamene yatambalala kwambiri ifika makilomita pafupifupi 75. Kuya kwake, cha kumpoto, kumapitirira pang'ono mamita 700. Chiyambire mwezi wa Meyi kufikira Ogasiti mphepo ya mwera imaomba kuchokera kumwera, ndi kuutsa mafunde otha kuzunguza ngakhale sitima yaikulu. Ukali wa nyanjayi ndi wodziwika m'mbiri. M'chaka cha 1895 Bishopu Chauncy Maples anamira pa ulendo wopita ku Likoma. Pa 30 Julaye 1946 sitima ya Vipya inagubuduzika mu namondwe cha kumpoto kwa nyanjayi, ndipo anthu 145 anataya miyoyo yawo. Chikumbutso chawo chili ku Mangochi. Nyali siletsa mphepo kuomba, komatu imauza woyendetsa sitima pamene pali miyala ndi pamene pali doko loti athawirepo.

Tsono nchifukwa ninji nyali yotere imaikidwa pamwamba? Chifukwa chake ndi chakuti dziko lapansi ndi lobulungira, kotero kuti madzi eniakewo amabisa zinthu zimene zili patali. Munthu woimirira m'bwato, maso ake ali mamita awiri pamwamba pa madzi, amaona madziwo mpaka makilomita asanu okha. Moto wosonkhedwa pamchenga m'mphepete mwa madzi sauoneka kwa iye akapitirira pamenepo. Koma nyali ikakwezedwa mamita 9, munthu yemweyo angaione ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 16, ndipo ikakwezedwa mamita 25 angaione ali pa makilomita 23, malinga ngati nyaliyo ili yamphamvu ndiponso kunja kuli koyera. Pa chifukwa ichi gombe lokwera ngati la Nkhata Bay, pamene mapiri amatsetserekera m'madzi, ndi lokomera nyali, popeza thanthwe limagwira ntchito imene kwina imagwiridwa ndi nsanja yaitali.

Nzeru imeneyi ndi yakalekale. Nsanja ya Pharos, ku doko la Alexandria m'dziko la Egypt, inamangidwa zaka pafupifupi 280 Khristu asanabadwe, ndipo inali yaitali mamita oposa 100. Pamwamba pake ankasonkhapo moto. M'chaka cha 1823 galasi lopangidwa ndi Augustin Fresnel linayamba kugwira ntchito pa nsanja ya Cordouan ku France. Galasi limeneli limasonkhanitsa kuwala kumene kukadamwazika ndi kukuponya kumbali imodzi, motero nyali yaing'ono imaoneka patali. Pambuyo pake Gustaf Dalén wa ku Sweden anakonza nyali ya gasi yodziyatsa yokha kukada ndi kudzizimitsa kukacha, ndipo analandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 1912. Masiku ano nyali zambiri zotere zimayendera mphamvu ya dzuwa yosungidwa m'batire, ndipo sizifuna mlonda wogona pomwepo.

Mlendo wofika pa Nyanja ya Malawi asayembekezere nsanja zazitali zopakidwa mizeremizere zimene zimaoneka m'mabuku. Zizindikiro za panyanja ya mkati mwa dziko nthawi zambiri zimakhala zochepa: nsanamira kapena kansanja kachitsulo pa thanthwe, pa mlomo wa doko kapena pa mlatho wokwerera sitima. Kuchepa kwake sikuchepetsa ntchito yake. Sitima ya Ilala, imene inapangidwa ku Scotland m'chaka cha 1949, nilumikizidwa ku Monkey Bay ndi kuyamba ntchito mu 1951, yatumikira anthu kwa zaka zoposa 70 pakati pa Monkey Bay ndi Chilumba, kudzera ku Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya ndi Ruarwe. Ulendo wautali chotere sungathe masana okha, ndipo ngakhale sitima za makono zili ndi makina osonyeza malo, woyendetsa wanzeru amafunabe kutsimikiza ndi maso ake.

Nyalizi zili ndi chinenero chake. Nyali yolondolera sitima kawirikawiri siyaka mosalekeza ngati ya m'nyumba. Imaphethira mwa dongosolo, ina kamodzi, ina kawiri, nkupumira kwa kanthawi kodziwika. Dongosolo la nyali iliyonse limalembedwa pa mapu a panyanja, kotero kuti woyendetsa akawerenga kuphethirako amadziwa gombe limene wayandikira. Mitundu nayo imalankhula. Malinga ndi pangano lotsatidwa mu Africa ndi ku Ulaya, sitima yolowa pa doko imasiya chizindikiro chofiira kumanzere ndi chobiriwira kumanja. Sitima yeniyeniyo imanyamula nyali yofiira kumanzere kwake, yobiriwira kumanja ndi yoyera pamwamba. Msodzi aliyense ayenera kudziwa ichi: akaona yofiira ndi yobiriwira pamodzi, ndiye kuti sitimayo ikubwera molunjika kwa iye, ndipo apalase msanga kuchoka panjira.

Palinso kuwala kwina kumene kumakongoletsa nyanja usiku wopanda mwezi, ndiko nyali za asodzi a usipa. Usipa umasonkhana pansi pa kuwala, ndipo asodzi amauzinga ndi chilimira. Kale ankagwiritsa ntchito miuni, kenaka nyali za palafini zopopa, ndipo lero ambiri asamukira ku nyali za batire. Zikaundana, nyalizi zimaoneka ngati mudzi woyandama. Kwa wojambula ndi zokongola, koma kwa woyendetsa sitima ndi mayeso, pakuti ayenera kusiyanitsa nyali imodzi yophethira pakati pa mazana a nyali zosaphethira. Choopsa koposa ndi bwato lopanda nyali konse.

Wofuna kujambula zinthu izi angafike ku Nkhata Bay kuchokera ku Mzuzu, mtunda wa makilomita pafupifupi 50, kapena pa sitima. Tauniyi yayang'ana kuvuma, motero dzuwa ndi mwezi wathunthu zimatulukira m'nyanja. Nthawi yabwino ndi ya mbandakucha kapena ya chisisira, pamene nyali zikuyaka koma thambo lisanade bii, pakuti pamenepo chithunzi chimaonetsa nyali pamodzi ndi gombe lake. Kamera kapena foni ikhazikidwe pamwala kuti isagwedezeke, chifukwa mumdima imafuna kanthawi kuti itole kuwala. Wojambula ayambe wawerenga kuphethira kwa nyali, nadine pa nthawi yoyenera. Kuona maso a nkhono nkudekha. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wa tchire umaphimba patali, pamene mvula ikangokata kumayera mpaka mapiri a tsidya lija kuoneka.

Ulemu nawo ndi wofunika. Doko ndi malo a ntchito, ndipo safunsa anadya phula: mlendo apemphe chilolezo kwa oyang'anira asanajambule mkati mwake. Asakwere pa chizindikiro, ndiponso asawalitse tochi kapena nyali ya kamera kwa woyendetsa sitima imene ikukocheza, popeza maso ozolowera mdima amachita khungu kwa kanthawi. Asajambule anthu osamba kapena ochapa pagombe popanda kuvomera kwawo. Akumbukirenso kuti pa doko lomweli, pa 3 Malichi 1959, anthu osachepera 20 anaomberedwa pamene anasonkhana chifukwa cha anzawo otsekeredwa mu sitima ya Mpasa. Ndi malo oyenera kuyendapo modzichepetsa.

Chithunzi chabwino cholembedwa tsiku ndi malo chimakhala umboni wa m'mene gombe linalili, ndipo chingathandize akuluakulu oona za maulendo a pamadzi kudziwa chizindikiro chimene chagwa kapena chazima. Koma udindo waukulu uli ndi eni gombe. Munthu wochotsa batire kapena sola pa nyali yotere amapeza ndalama zochepa, naika pa ngozi amayi opita ku chipatala, ana a sukulu ndi amalonda a ku Likoma ndi Chizumulu amene alibe njira ina yapafupi koma ya pamadzi. Mafumu, makomiti a pagombe ndi asodzi akaona nyali itazima, akauze oyang'anira doko tsiku lomwelo, mwera usanabwere.