Botolo Latsopano, Fungo la Agogo

Kodi pakhomo panu amagula sopo wosambira ndani? Ambiri museka, pakuti yankho n'lodziwikiratu. Bambo amangopeza sopo ali kale kubafa. Amene anakaima m'sitolo, nanunkhiza uyu ndi uyo, namasula ndalama pansonga ya chitenje, ndi mayi. Kampani ina ya ku Amereka itazindikira mfundo yaing'ono imeneyi inadzutsa dzina la malonda limene anyamata anali atayamba kuliseka.

Dzinalo ndi Old Spice. Analiyambitsa ndi William Lightfoot Schultz, mwini kampani ya Shulton, m'chaka cha 1937, ndipo chodabwitsa n'chakuti zonunkhira zoyambirira zinali za amayi. Za abambo zinatuluka mu 1938: sopo wometera ndevu ndi mafuta odzola ukatha kumeta. Botolo lake linali loyera ngati mkaka, ndipo pamimba pake anajambulapo ngalawa yaikulu ya matanga ambiri, ya mtundu umene unkaoloka nyanja zamchere kale. Ife a kunyanja sitifunika kutiuza chimene ngalawa yotero imanena. Imanena za munthu wamwamuna wopita kutali, wolimbana ndi mphepo, wobwera ndi katundu.

Kwa zaka zambiri ngalawayo inagwira ntchito yake. Koma anyamata amene anayamba kudzola mafutawa m'zaka za m'ma 1940 anakula, nabereka, nakhala agogo, ndipo fungo linakalamba nawo pamodzi. Mnyamata akaona botolo loyera lija ankakumbukira kuchipinda kwa agogo ake. Ndani angadzole fungo la agogo popita kukaonekera kwa mbeta?

Mu 1990 kampani ya Procter & Gamble inagula Old Spice ndi ndalama zokwana madola 300 miliyoni. Nzeru yawo yoyamba inali yobisa ukalamba. Mu 1992 anachotsa ngalawa yakale ija naikapo kabwato kamakono ka mpikisano, ndipo pambuyo pake anatulutsa mankhwala a m'khwapa ndi sopo wamadzi m'mabotolo a pulasitiki. Malonda anayendako ndithu. Koma mpikisano unakula mu 2002, pamene kampani ya Unilever inalowetsa Axe pamsika wa ku Amereka, dzina lolunjika anyamata amene angoyamba kumera ndevu.

Apa m'pamene nkhaniyi ikutikomera. M'malo mopitiriza kudzibisa, eni Old Spice anatembenuka nayamba kunyadira chimene ankachita nacho manyazi. Mu 2008 fungo loyambirira lija analipatsa dzina loti Classic, ndipo pachikuto analembapo mawu a nthabwala ouza wogula kuti agogo ake akanapanda kudzola mafutawa, iye sakanabadwa. Ngalawa ya matanga nayo inabwerera pamalo pake, tsopano pabotolo lofiira loonekera patali. Mtundu wofiira si wamasewera m'sitolo. Munthu akamadutsa pakati pa mashelefu maso ake saima pa chinthu chimodzi nthawi yaitali, choncho botolo liyenera kumuitana asanawerenge ngakhale chilembo chimodzi.

Chotsala chinali funso lija tayamba nalo. Kuchiyambi kwa 2010 Unilever inali kutulutsa sopo wina wa abambo, Dove Men+Care. Kafukufuku amene eni Old Spice anali naye anasonyeza kuti mwa mabotolo 100 alionse a sopo wamadzi wa abambo, pafupifupi 60 ankagulidwa ndi amayi. Tsono kampani yotsatsa malonda ya Wieden+Kennedy, ya mumzinda wa Portland, inakonza kanema wa masekondi 30 wolankhula kwa amayi, osati kwa abambo. Munali Isaiah Mustafa, amene kale ankasewera mpira wa chiamereka. Akuyamba ali kubafa, mwadzidzidzi ali pangalawa, pomaliza ali pamsana pa kavalo, uku akuuza amayi kuti ngakhale amuna awo sangafanane naye, angathe kununkhira ngati iye. Anthu anaseka, nauzana. Mu July chaka chomwecho anajambula timakanema tina 186 m'masiku osakwana atatu, toyankha anthu mmodzimmodzi pa intaneti. Pofika mwezi umenewo malonda a sopoyu anali atawirikiza kawiri poyerekeza ndi chaka cham'mbuyo.

Tinene chilungamo: si kanema yekha amene anachita zimenezi. Nthawi yomweyo kampaniyi inkagawa timapepala totsitsa mtengo, ndipo mayi aliyense amadziwa mphamvu ya mtengo wotsika. Otsatsa malonda sakonda kukumbutsidwa mbali imeneyi.

Nanga m'kati mwa botolomo munasintha chiyani? Tembenuzani botolo la sopo wamadzi, la dzina lililonse, muwerenge timalemba tating'ono ta kumbuyo. Opanga amandandalika zosakaniza kuyambira chochuluka koposa, ndipo pafupifupi nthawi zonse choyamba ndi water kapena aqua, ndiye kuti madzi. Kawirikawiri chotsatira ndi sodium laureth sulfate, mankhwala ochita thovu ndi kusungunula mafuta a pakhungu pamodzi ndi litsiro. Amenewa mudzawapezanso mu sopo wamadzi wa amayi ndi m'mankhwala otsukira tsitsi. Chimene chimachititsa kuti sopo akhale "wa abambo" makamaka ndi fungo, mtundu wa botolo ndi dzina lolembedwapo. Sitikunena kuti ndi chikomekome cha mkuyu, ayi. Sopoyo amayeretsa ndithu. Koma ndalama yoonjezera imene mumapereka imalipirira botolo, kanema ndi kavalo uja.

Pali china chimene tikupempha amayi kuti azichiyang'anitsitsa. Kampani ikasintha maonekedwe a botolo, nthawi zina imasinthanso kukula kwake. Botolo lalitali ndi lopyapyala limaoneka lalikulu kuposa lalifupi lonenepa, chonsecho mwina lanyamula zochepa. Choona chili pa nambala ya mamililita yolembedwa m'munsi. Botolo la 400 ml likasanduka la 350 ml mtengo uli womwewo, ndiye kuti sopo wakwera mtengo ngakhale wogulitsa sanakuuzeni. Sungani botolo lakale kufikira mutagula latsopano, muwaimike pamodzi.

Ndipo musanyengeke ndi kulimba kwa sopoyo potsanulira m'manja, n'kumati wolimbayo ndiye wamphamvu. Pa mndandanda uja mudzaonapo mawu akuti sodium chloride. Umenewo ndi mchere, womwe uja timathira m'ndiwo. Amauthira pang'ono kuti sopo wamadzi akhale phalaphala.